Webusayiti ya bungwe: ndani adzasunge makiyi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi mlembi wa bungwe la aphunzitsi opuma pantchito. Ali ndi mamembala pafupifupi 300, ambiri m'maboma a chigawo chapakati, ochepa anatsatira ana awo kunja. Komiti yawatuma kuti afufuze njira yopangira webusayiti yosavuta kuyendetsa, ndipo mwana wa mmodzi wa akomiti wadzipereka kuti awapangira ulere. Akufunsa kuti asankhe pulogalamu iti.

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Imelo yanu ndinaiwerenga katatu ndipo sindinathe kuyankha tsiku lomwelo. Chinandigwira mtima ndi mawu aja akuti mwana wadzipereka kupanga ulere. Mawu amenewo ndinawamvapo kale, ndinawaombera m'manja, ndipo zimene zinatsatira zimandiwawabe mpaka lero. Mundilole ndiyambe ndi nkhani imeneyo, chifukwa yankho langa lonse lachokera m'menemo.

Ndinakhalapo mlembi wa bungwe la ophunzira akale a sukulu ya sekondale kumene ndinaphunzira. Silinali bungwe lalikulu. Tinkasonkha ndalama pachaka, kugula madesiki, kulipirira fizi ana angapo ovutika, ndi kupereka chipepeso mnzathu akaferedwa. Chaka china pa msonkhano waukulu, mnzathu wina amene anali atangobwera kuchokera kunja anaimirira n'kunena kuti masiku ano bungwe lopanda webusayiti anthu othandiza salikhulupirira. Tonse tinagwirizana naye. Wapampando anati ali ndi mphwake amene wangomaliza kumene maphunziro a makompyuta, ntchito sanaipeze, ndipo angasangalale kutithandiza osalipiritsa kanthu.

Mnyamata uja anagwira ntchito ndi mtima wonse, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke chifukwa sindikumunena. Pasanathe mwezi anabwera ndi chinthu chokongola: baji ya sukulu pamwamba, zithunzi zosinthana zokha, malo oti membala aliyense alowe ndi dzina lake n'kuona ngati walipira, bwalo lokambiranapo, ngakhalenso tsamba lokumbukira aphunzitsi athu akale. Pa msonkhano wotsatira anazionetsa pakhoma. Azimayi analuluta, azibambo anamugwira chanza mmodzimmodzi. Dzina la webusayitiyo tinalisindikiza pa mapepala olembera makalata, pa malaya, ndi pa chinsalu chachikulu chimene tinkapachika pa zochitika zathu.

Tsiku lomwelo funso linali pakamwa panga: kodi dzina limeneli lalembetsedwa m'dzina la yani, nanga pasiwedi asunga ndani? Sindinafunse. Ndinaopa kuoneka ngati ndikukayikira mwana wa eni amene watithandiza ulere, malume ake ali pampando pomwepo. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Manyazi a masana amenewo anatitayitsa zambiri.

Anandiphunzitsa kamodzi kokha, Loweruka lina pa laputopu yake. Ndinalemba m'kope ndondomeko yonse yoikira chilengezo chimodzi, ndipo inadzaza tsamba lathunthu. Nditafika kunyumba n'kuyesa ndekha, zimene ndinkaona pa kompyuta sizinkafanana ndi za m'kope muja. Ndinadina penapake, tsamba loyamba linasokonekera, ndipo ndinamuimbira usiku mtima uli m'mwamba poganiza kuti ndawononga katundu wa bungwe. Anakonza m'mphindi zochepa. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kugwirako, chilengezo chilichonse ndinkamutumizira iyeyo. Dzina la pulogalamu imene anagwiritsa ntchito sindilitchula chifukwa inalibe mlandu. Inali yabwino kwa munthu woidziwa. Kungoti woidziwayo anali mmodzi yekha, komanso sanali membala wathu.

Miyezi yoyamba ankaika chilengezo tsiku lomwelo. Kenako ntchito itakanika kuno ananyamuka ulendo wa ku Joni, monga amachitira anyamata athu ambiri. Chilengezo chinayamba kutenga sabata, kenako mwezi. Nambala yake inasintha. Malume ake ankangoti alankhula naye. Koma munthu amene akuvutika kupeza pogona ndi mapepala m'dziko la eni, sungamuimbe mlandu kuti sanaike maminitsi a msonkhano wa sukulu imene iye sanaphunzirepo.

Ndiye kunagwa maliro. Mmodzi wa akuluakulu amene anayambitsa bungwe lathu anatisiya. Pa tsamba loyamba la webusayiti panali chithunzi chawo akumwetulira, ndi uthenga wawo woitanira anthu ku msonkhano wa pachaka, wothera ndi mawu akuti tikaonane kumeneko. Tinawaika m'manda, uthenga uja ulipobe. Patapita milungu ingapo mwana wawo wamkazi amene amakhala ku Britain anandiimbira. Sanakalipe. Anangopempha modzichepetsa kuti ngati n'kotheka tiikepo mawu osonyeza kuti bambo ake anamwalira, chifukwa anzawo akale anali akulembabe mauthenga kufunsa za iwo. Ine mlembi wa bungwe, chidindo chili m'manja mwanga, mafayilo onse ali kwanga, ndinalephera kusintha chiganizo chimodzi. Ndinamuuza kuti ndiyesetsa. Uthengawo unakhalapo miyezi ina yambiri, ndipo nthawi iliyonse ndikautsegula ndinkamva ngati ndanyoza banja lija. Mayi, inu mukutumikira bungwe la anthu achikulire. Mukudziwa kuti kwa inu nkhani ya maliro imabwera kawirikawiri, ndipo siichenjeza.

Mapeto ake anabwera mwakachetechete. Dzina la webusayiti, lija amati domain, siligulidwa kamodzi n'kukhala lanu mpaka kalekale. Mumachita kulilipira chaka ndi chaka ngati nyumba ya lendi. Nthawi ikamatha, kampani imatumiza makalata okumbutsa ku imelo ya amene analembetsa. Mukapanda kulipira pamakhala kanthawi koti mulipirebe, kenako masiku ena 30 oti muliwombole pamtengo wokwera, ndipo zikadutsa apo dzinalo limabwerera pamsika, aliyense padziko lapansi atha kuligula. Makalata onsewo ankapita ku imelo ya mnyamata uja. Ife sitinaone ndi imodzi yomwe. Tsiku lina m'mawa membala wina anandiimbira kuti nditsegule webusayiti yathu. Panali zotsatsa juga, m'chilankhulo chimene sindinachizindikire. Dzina la sukulu yathu, lomwe linali pamsana pa malaya a ana amene tinkawalipirira fizi, linali likulondolera anthu ku juga.

Kumene webusayitiyo inkasungidwa, kuja amati hosting, nakonso anali atatseka chifukwa chosalipira. Mndandanda wonse wa mamembala, manambala awo a foni, zaka zimene anamaliza sukulu, zonse zinapita. Mawu a masamba ena tinakawatola pa Wayback Machine, nkhokwe ya Internet Archive imene imasunga masamba akale a pa intaneti, koma mndandanda wa anthu sukhala kumeneko. Chinatipulumutsa ndi buku lachikuto cholimba la msungichuma wathu, mayi wachikulire amene anakana kusiya kulemba pamanja ngakhale ena tinkawauza kuti zimenezo zinatha ntchito. Dzina lililonse ndi ndalama iliyonse zinali m'menemo. Tinakhala pakhonde pawo masiku awiri athunthu tikukopera.

Tsono mukandifunsa kuti pulogalamu yosavuta ndi iti, ine ndibweza funso: yosavuta kwa yani? Kwa mwana wodziperekayo zonse n'zosavuta, ndipo akakuuzani choncho sakunama. Muyezo wanga ndi wina. Munthu wa m'komiti amene amaopa kompyuta kuposa onse atenge foni yake, mwanayo atuluke panja, ndiye aike chilengezo cha maliro ndi chithunzi chimodzi. Akatha, pulogalamuyo ndi yosavuta. Akalephera ndiye kuti ndi yovuta, kaya otsatsa malonda alemba zotani. Palinso muyezo wachiwiri umene mabungwe a umembala timaiwala. Komiti imasintha. Inu simudzakhala mlembi mpaka kale. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu pamakhala chisankho, ndipo si nthawi zonse pamene otuluka ndi olowa amakhala akulankhulana bwino. Webusayiti iyenera kukhala chinthu choti mutha kupatsirana patebulo, monga mumapatsirana chidindo ndi buku la ku banki.

Poyamba ndinkati zathuzo linali tsoka chabe. Pano sinditero. Ndacheza ndi a makwaya, a mabungwe a alimi, a magulu a Amalawi okhala kunja, ndipo nkhani imabwera yomweyi: wopanga anasamuka, kapena anakwiya pa chisankho, kapena anamwalira, ndipo makiyi anapita naye. Wolakwa ndi komiti, ndipo m'nkhani yathu ine ndinali m'komitimo. Ndalama za bungwe sitingaziike mu akaunti ya mphwake wa wapampando ngakhale atakhala wokhulupirika chotani. Timafuna anthu awiri kapena atatu osayinira, ndipo palibe amene amakhumudwa nazo. Nanga bwanji dzina la bungwe pa intaneti, lomwe lili pa kalata iliyonse imene timalemba, timalisiya m'thumba la munthu mmodzi popanda ndi pepala lomwe? Kumeneko n'kusasamala katundu wa anthu amene anatisankha, ndipo sindikufuna kukutchula dzina lina lofewa.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali funso limene komiti yanu mwina sinafunse. Webusayiti imeneyi adzaiwerenga ndani? Mphunzitsi wopuma amene ali ku Dowa kapena ku Ntchisi, amene akuwerengera kwacha iliyonse ya penshoni, amagula bandulo ya WhatsApp chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Bandulo imeneyo siitsegula webusayiti. Mungamange tsamba lokongola bwanji, iyeyo uthenga wa msonkhano adzaumva pa WhatsApp kapena kwa mnzake kutchalitchi. Gulu limodzi la WhatsApp limakwana anthu 1,024, choncho mamembala anu onse akukwana m'gulu limodzi, ndipo mutha kulitseka kuti olembamo akhale a komiti okha. Bwalo lokambiranapo lija anatipangira mnyamata wathu, anthu amene analembamo sanafike khumi. Zokambirana zonse zinkachitika pafoni.

Ntchito ya webusayiti ndi ziwiri. Yoyamba ndi kulankhula ndi anthu akunja kwa bungwe: mphunzitsi amene wangopuma kumene ndipo akufuna kulowa, ofesi ya boma, wothandiza amene akufuna kutsimikiza kuti mulipodi, mwana wa membala amene ali ku Cape Town ndipo akufuna kulipirira mayi ake. Yachiwiri ndi kusunga zinthu zimene pa WhatsApp zimakwiririka: malamulo oyendetsera bungwe, maminitsi, lipoti la zachuma la pachaka, ndondomeko ya chipepeso. Munthu akasintha foni mauthenga akale amatayika, koma malamulo a bungwe ayenera kupezeka tsiku limene pabuka mkangano. Mukavomereza zimenezi, webusayiti imene mukufuna imachepa kwambiri. Masamba 5 kapena 6 akwanira. Ndipo mulembe m'Chichewa pambali pa Chingelezi, chifukwa ena mwa amene adzafune kumva za chipepeso ndi akazi ndi amuna a mamembala, osati aphunzitsi okha.

Nkhani ya madola

Mukafufuza pa intaneti mudzakumana ndi mayina atatu kawirikawiri: Wix, Squarespace ndi Wild Apricot. Awiri oyambawo ndi osavutadi. Mumasankha maonekedwe, kulemba mawu anu, kuika zithunzi, ndipo zokonza zonse za mkati amachita eni ake. Wild Apricot, imene inayambira ku Toronto m'dziko la Canada, inapangidwira mabungwe a umembala enieni. Imasunga mndandanda, imakumbutsa okha amene nthawi yolipira yawakwanira, imalembetsa anthu ku misonkhano, ndipo mtengo wake umakwera molingana ndi kuchuluka kwa anthu amene mwalembamo. Ndikanakhala kuti ndikulangiza bungwe la ku Canada kapena ku Britain, ndikanaitchula koyambirira.

Koma inu mumatolera makwacha, ndipo zonsezi amalipiritsa ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Bungwe limene linavomereza bajeti mu Okutobala chaka chimenecho linadzuka mwezi wotsatira ngongole yomweyo ikufuna makwacha ochuluka kwambiri, pamene zopereka za mamembala zili pomwepo. Simungapite kwa anthu odalira penshoni n'kuwauza kuti tikweza zopereka chifukwa cha webusayiti imene ambiri a iwo saitsegula. Ndiponso kuti mulipire pamafunika kadi ya ku banki yololedwa kugula zinthu kunja, ndipo mmene ndalama zakunja zasowera m'dziko muno, zimenezo si zachidule. Mapeto ake membala wina amene ali kunja amati ndizilipira ndi kadi yanga. Mwabwerera pomwe paja, bungwe lonse lapachikika pa munthu mmodzi. Onjezerani apo kuti webusayiti yomangidwa pa Wix siisamuka. Tsiku limene mudzalephere kulipira kapena mudzafune kuchoka, mudzayamba kumanga kwina kuchokera pansi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chinanso chimene chimandipweteka ndi kuona mabungwe akulipira chinthu chimene sangachigwiritse ntchito. Mbali ya mapulogalamu amenewa imene imakopa kwambiri ndi yotolera zopereka yokha. Koma inamangidwa poganizira anthu olipira ndi makadi, kudzera ku makampani ngati Stripe, amene salembetsa mabungwe a ku Malawi. Mamembala anu amalipira ndi Airtel Money, ndi Mpamba, ena ndi Mo626, ena amabwera ndi ndalama m'manja pa msonkhano. Msungichuma azidzalembabe yekha mmodzimmodzi. Ilipo kampani ya kwathu konkuno, PayChangu, imene imalola kulandira ndalama za pafoni ndi za makadi kudzera pa webusayiti, ndipo ndi bwino kuti zinthu zoterezi zikubwera. Komabe kwa anthu 300 olipira kamodzi pachaka, nambala ya bungwe yolembedwa bwino pa tsamba, ndi msungichuma wosamala, zimagwira ntchito yomweyo.

WordPress ndi anzake

Mwana wodziperekayo mwina atchula WordPress, ndipo sakhala atalakwa. Inayamba mu 2003, ndipo lero mawebusayiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amayendera imeneyi. Ine chimene ndimaikondera ndi chimodzi: oidziwa ndi ambiri. Ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba, ku Mzuzu, simudzasowa mnyamata kapena mtsikana woti apitirize pamene wina wasiyira. Zolemba zanu mutha kuzitulutsa n'kusamuka nazo. Ili ndi pulogalamu ya pafoni yoikira nkhani. Imalolanso kugawa maudindo, kuti mlembi akhale Editor, woika ndi kusintha nkhani koma osatha kugwetsa webusayiti yonse, pamene udindo wa Administrator uli ndi anthu awiri okha. Ndikanakhala ndi zimenezi usiku uja ndinasokoneza tsamba loyamba, sindikanasiya kugwirako.

Koma mudziwe kuti WordPress ilipo ya mitundu iwiri. Ya pa WordPress.com amakusungirani ndi kukukonzerani eni ake, ndipo mukafuna dzina lanulanu mumalipira madola. Inayo mumaitenga ulere n'kuiika pa hosting imene mwasankha nokha, ndipo apa mutha kupeza kampani ya kuno yolandira makwacha, yokhala ndi ofesi yoti mutha kukagogoda. Walira mvula walira matope. WordPress yodzisungira nokha imafuna munthu woisamalira mwezi ndi mwezi: kuika zosintha zatsopano, kusunga kope lapadera, kuyang'anira tizidutswa towonjezera tija amati ma plugin. Mawebusayiti ambiri a WordPress amene amathyoledwa ndi akuba amalowedwa kudzera m'ma plugin osiyidwa osakonzedwa. Mwana akayamba kuika plugin ya umembala, ya zithunzi, ya bwalo, ya kalendala, mudziwe kuti chilichonse ndi khomo lowonjezera loti wina azilitseka usiku. Za Drupal, Joomla ndi CiviCRM, ndi zida zamphamvu za mabungwe amene ali ndi munthu wolembedwa ntchito ya makompyuta. Inu mulibe, zisiyeni.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Musaike mndandanda wa mamembala pa webusayiti, ngakhale kuseri kwa pasiwedi. Taganizani, mayina 300 a anthu achikulire olandira penshoni, manambala awo a foni ndi maboma amene amakhala. Kwa anthu aja amatumiza mauthenga onama pafoni, akuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, kapena oimba akunamizira kuti ndi a ku ofesi ya penshoni, mndandanda umenewo ndi chuma. Adzaimbira mayi wina n'kumutchula dzina lake lonse ndi sukulu imene ankaphunzitsa, ndipo iye adzakhulupirira. Dziko lathu pano lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, Data Protection Act ya 2024, limene MACRA inapatsidwa udindo woliyang'anira, ndipo bungwe losunga mayina ndi manambala a anthu lili ndi udindo wowasamala. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, anthu amenewa anakupatsani manambala awo chifukwa chokukhulupirirani. Mndandanda ukhale mu Google Sheets, pulogalamu ya Google yolemberamo mindandanda, wotsegukira mlembi ndi msungichuma okha, ndipo kamodzi pa miyezi itatu muziusindikiza papepala. Buku lachikuto cholimba lija musalitaye.

Nanga mwanayo? Musamukane. Ndingadandaule kwambiri mutawerenga izi n'kupita kukamukhumudwitsa, chifukwa mtima wodzipereka wotere ndi wosowa, ndipo iyenso akufuna chinthu choti adzaonetse pofunsira ntchito. Mulandireni, koma mumuuze poyera, kholo lake lili pomwepo, kuti bungwe lili ndi malamulo ake. Zinthu zisanayambe mutsegule imelo ya bungwe, osati ya mlembi, osati ya wapampando. Dzina la webusayiti, hosting, tsamba la Facebook, zonse zilembetsedwe ndi imelo imeneyo. Nambala ya foni yotsimikizira ikhale SIM ya bungwe, ndipo muziigwiritsa ntchito, chifukwa SIM yongokhala m'dirowa amaitseka n'kupatsa nambalayo munthu wina. Imeloyo ikakhala ya Google, kampaniyo imapereka manambala 10 apadera olowera ngati foni yatayika. Muwasindikize, muwaike mu envelopu pamodzi ndi mapasiwedi, envelopu imodzi kwa msungichuma, ina kwa wapampando. Mulembe m'malamulo a bungwe kuti komiti yotuluka ipereka envelopu imeneyi pamodzi ndi chidindo, ndipo yolowa isintha mapasiwedi sabata yomweyo. Tsiku lolipira dzina lilembedwe mu bajeti ya pachaka monga mumalembera ndalama ya holo ya msonkhano. Mayina othera ndi .org mutha kulipiriratu mpaka zaka 10, ndipo ngati thumba lilola, kulipiriratu zaka zingapo kumakutetezaninso ku kugwa kwa kwacha. Ngati mukufuna dzina losonyeza kwathu, lilipo lothera ndi .mw kapena org.mw.

Ndipo mumpatse kenakake. Ngakhale kochepa, kolembedwa m'buku, kosayinidwa. Munthu amene wakuthandiza ulere umachita manyazi kumufunsa kachiwiri, umachita manyazi kumuuza kuti apa sipanakhale bwino, umachita manyazi kupempha pasiwedi. Munthu amene mwagwirizana naye ntchito mumalankhulana momasuka, ndipo iyenso amadziwa pamene udindo wake ukuthera. Mnyamata wathu uja ndinadzakumana naye patapita zaka, pa ukwati wina, atabwerako ku Joni. Anandipatula n'kupepesa, maso ali pansi. Ndinamuuza kuti opepesa ndife, chifukwa tinamusenzetsa katundu amene sanali wake, n'kumusiya yekha.

Tsono yankho lenileni, mayi. Yambani ndi Google Sites. Ndi yaulere, kulembamo kuli ngati kulemba kalata pa kompyuta, palibe zosintha zoti muziika, ndipo mutha kuilumikiza ku dzina lanu logula. Fomu yolowera bungwe ikhale ya Google Forms, malamulo ndi maminitsi muziika ku Google Drive n'kuzionetsa pa tsamba. Chovuta chake n'chakuti kusintha tsamba kumafuna kompyuta, pafoni sizitheka bwino. Njira yake ndi iyi: tsamba la zilengezo lionetse chikalata chimodzi cha Google Docs, chimene mutha kuchisintha pafoni nthawi iliyonse. Ngati pakatha chaka mwaona kuti mukulemba nkhani sabata ndi sabata ndipo malo akuchepa, musamukire ku WordPress pa hosting yolipira makwacha, ma plugin osapitirira atatu kapena anayi, ndi pangano lolembedwa la munthu woisamalira. Dzina lidzakhala lomwelo chifukwa ndi lanu, ndiye zimene mwasindikiza pa mapepala sizidzatha ntchito.

Musanaionetse pa msonkhano waukulu, yesani muyezo uja ndi msungichuma wanu, mwanayo ali panja. Ndipo mundilemberenso mundiuze kuti mamembala okhala kunja ndi angati, chifukwa ngati akupitirira ochepa amene mwatchulawo, nkhani ya kalandiridwe ka zopereka zawo tiyenera kuikambirana payokha.